Musanapite kutchire kukawerenga nyama

Ana anga a ku Manje, makamaka inu amene muli m'makalabu a zachilengedwe kusukulu, ndamva ambiri mwa inu mukunena kuti mukadzamaliza maphunziro mukufuna kudzagwira ntchito ya nyama zakutchire. Zimandikondweretsa, chifukwa dziko lino likusowa anthu otere. Koma ndikafunsa kuti ntchitoyo mukuiona bwanji, mumandiuza za galimoto ya Land Cruiser, malaya a khaki ndi chithunzi chanu mutagwira mkango wogonekedwa ndi jakisoni. Zoterezi zimachitika mwa apo ndi apo, ndipo wobaya jakisoniyo amakhala dokotala wa ziweto ndi nyama. Wofufuza za moyo wa nyama ndi malo amene zimakhala, ntchito yake yaikulu ndi kuwerenga, kulemba m'kope, kubwerera pamalo omwewo mwezi wamawa n'kuwerenganso. Ngati mtima wanu sungapirire zimenezi, ndi bwino mudziwiretu mukadali ku Fomu 3.

Kuti musayese kuti ntchitoyi ndi ya azungu okha, taonani njira imene anadutsa Dr. Tiwonge Mzumara-Gawa. Mayiwa anagwirapo ntchito ngati katswiri wa mbalame ku Museums of Malawi konkuno ku Blantyre. Pochita digiri yachiwiri ku yunivesite ya Cape Town anasankha kambalame kakang'ono ka khosi lachikasu kotchedwa yellow-throated apalis, kamene padziko lonse kamapezeka m'Malawi mokha, m'nkhalango za mapiri a Mulanje, Zomba ndi Malosa. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 2012. Kenaka anapita ku Liwonde kukatsata tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiirira totchedwa Lilian's lovebird, ndipo kafukufuku ameneyu ndiye anawapatsa udokotala ku yunivesite ya KwaZulu-Natal. Pambuyo pake anakaphunzitsa ku yunivesite ya MUST ku Thyolo, anatsogoleranso bungwe la zachilengedwe la WESM.

Mvetserani zimene kafukufuku wa tizinkhweyo anaonetsa. Kuno kwathu timbalameti timadalira nkhalango ya Liwonde. Usiku timagona m'mphako za mitengo ikuluikulu ya tsanya, ndipo m'chilimwe timasonkhana pa zithaphwi zochepa zimene zatsala ndi madzi. Opha nyama mozembera akathira poizoni m'zithaphwizo pofuna ndiwo, tizinkhwe timafera limodzi. Woyang'anira nkhalango akawerenga zimenezi amadziwa kumene angatumize agemu ake dzuwa likamaswa mtengo mu Okutobala. Amadziwanso kuti tsanya wokalamba, wamphako, amene wina angamuone ngati nkhuni kapena makala abwino, ndi wofunika kumusunga kuposa timitengo tating'ono tambiri. Mayiwa sanathamangire njovu kapena mkango, nyama zimene aliyense amafuna kujambulitsa nazo. Anatenga funso laling'ono, n'kukhala nalo zaka mpaka linayankhika. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito iyi mawuwo ndi oona ndithu.

Za sukulu ndinene mwachidule. Biology mumaikonda kale, choncho sindikudandaula nayo. Nkhawa yanga ili pa masamu ndi Chingerezi. Mukadzasonkhanitsa manambala kutchire, adzafunika kuwasanthula ndi statistics, ndipo mukadzamaliza mudzayenera kulemba momveka kuti munthu wa ku Nairobi kapena ku London amve chimene mukunena. Amene akuthawa masamu lero adzakhala wonyamulira ena zikwama. Maphunziro okhudza ntchitoyi alipo ku University of Malawi ku Zomba, ku Mzuzu University, ku LUANAR, ku MUST komanso ku Malawi College of Forestry and Wildlife ku Dedza. Mapulogalamu a pakompyuta monga R wosanthulira manambala ndi QGIS wojambulira mapu ndi aulere. Amene ali ndi mwayi wogwira kompyuta ayambe kuwaphunzira asanauzidwe.

Komabe digiri si imene imaphunzitsa maso. A Hassam Patel a ku National Herbarium ku Zomba anadziwika ndi luso lozindikira zomera kutchire, moti akatswiri ochokera kunja ankawatenga pa maulendo ofufuza m'mapiri a kuno ndi a ku Mozambique. Luso lotere limabwera ndi kuyenda, kugwira tsamba, kulinunkhiza, kufunsa dzina lake kwa agogo a m'mudzi. Mukadzafika kunkhalango ndi pepala lanu la ku yunivesite, mudzapeza agemu amene akaona phazi pamchenga amakuuzani nyama yake, nthawi imene yadutsa ndi kumene yalowera. Avuleni chipewa, yendani kumbuyo kwawo, ndipo muzifunsa.

Tsono musadikire digiri kuti muyambe. Phiri la Soche mumaliona tsiku ndi tsiku mukatuluka m'nyumba. M'zaka za m'ma 1980 Françoise Dowsett-Lemaire anayenda m'nkhalango za m'mapiri a dziko lino akulemba mbalame ndi mitengo imene ankapeza, ndipo mapiri a kuno ku Blantyre ndi ku Thyolo sanawasiye. Pa Soche pankapezeka Thyolo alethe, mbalame ya m'nkhalango yowirira imene imatsata linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa. Mbalame imeneyi imapezeka m'mapiri ochepa chabe a kum'mwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique, n'chifukwa chake phiri lathuli linalowa m'kaundula wa BirdLife International wa malo ofunika a mbalame. Mu 2006 mayiyu pamodzi ndi Robert Dowsett anatulutsa buku la The Birds of Malawi, lofotokoza mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ndi kumene uliwonse umapezeka. Nkhalango ya pa Ndirande inatha m'zaka za m'ma 1990. Ya pa phiri la Thyolo inatsala pang'ono chabe, makamaka mbali imene ili mu esiteti ya Satemwa. Za Soche sindikuuzani ine, kwezani maso muone nokha.

Timadziwa zimene zinatayika m'mapiri amenewa chifukwa wina analemba zikadalipo. Nanga zimene zatsala pa Soche lero akulemba ndani? Ntchito imeneyi ndi yanu, ndipo siifuna ndalama za mabungwe. Khalani atatu kapena anayi, musapite nokhanokha, ndipo mudziwitse amfumu ndi makolo. Sankhani njira imodzi yokwera phiri, muziidutsa Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, m'mamawa nthawi yofanana. Lembani tsiku, nthawi, mmene kunja kwachera, mbalame zimene mwaona ndi zimene mwangomva kulira, zitsa zatsopano, nyumba zimene zamangidwa kumene, kasupe ngati akutuluka madzi kapena waphwa. Lembani ndi pensulo chifukwa inki imafufutika ndi mvula. Amene ali ndi foni yojambula aziika zimene waona pa eBird kapena iNaturalist, kumene akatswiri amathandiza kuzindikira mitundu popanda kulipira. Chaka choyamba kope lanulo lidzaoneka lachabechabe. Pofika chaka chachisanu lidzakhala ndi zinthu zimene palibe pulofesa aliyense ali nazo, ndipo mukadzafunsira malo a maphunziro apamwamba, lidzakuyankhulirani kuposa kalata ya munthu wodziwika. Kuwerenga nyama kamodzi kokha kuli ngati kupita kumsika wa Limbe tsiku limodzi n'kumanena kuti wadziwa mtengo wa chimanga wa chaka chonse.

Nyanja ya Chilwa ndi umboni wa phindu la kukhalitsa pamalo amodzi. Kuyambira mu 1966, Chancellor College ikadali pa Chichiri pompano, aphunzitsi ndi ophunzira a University of Malawi motsogozedwa ndi Margaret Kalk anayamba kuyeza madzi, nsomba, tizilombo ndi zomera za nyanjayi. Mu 1968 nyanja inaphwa iwo akuona. Sanalongedze katundu n'kubwerera. Anapitiriza kulemba mmene matemba, makumba ndi milamba zinathawira m'mitsinje ndi m'madambo, ndi mmene zinabwerera madzi atadzaza. Ntchitoyi inatenga zaka pafupifupi 10, ndipo buku lake linatuluka mu 1979. Nyanja itaphwanso mu 1995, anthu anali ndi poyambira, ankadziwa kuti chofunika kuteteza ndi mitsinje yothira m'nyanjayo chifukwa ndimo mumabisala mbewu ya nsomba. Mu 1997 Chilwa inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'pangano la Ramsar loteteza madambo. Ofufuza aja akanangobwera miyezi itatu n'kulemba lipoti, bwenzi tikungoganizira.

Pa nkhani ya manambala ndikufuna ndikhalitsepo, chifukwa ndi pamene ambiri amagwera. Njovu ndi yaikulu, koma m'nkhalango yowirira ya miombo simungaiwerenge bwinobwino ngakhale muli m'ndege. Ku Kasungu, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi kuchiyambi kwa m'ma 1980, Hugo Jachmann ndi Richard Bell anakonza njira yowerengera njovu poona ndowe zake: kuchuluka kwa milu ya ndowe pa mtunda woyezedwa, kangati njovu imachita chimbudzi pa tsiku, ndi masiku angati ndowe imatenga kuti iwole. Ntchito yosapatsa ulemu, koma ofufuza m'mayiko ena ambiri a mu Africa anaitengera. Chifukwa cha kuwerenga kosalekeza, tikudziwa kuti njovu za ku Kasungu zinali zoposa 1,000 m'zaka za m'ma 1970 ndipo pofika 2015 zinatsala pafupifupi 50.

Mudzakumana ndi mayesero. Wopereka ndalama amafuna kumva kuti nyama zachuluka chifukwa cha thandizo lake. Wina amafuna kumva kuti zatsala pang'ono kutha kuti apemphere ndalama zina. Inu mukaona ziwiri lembani ziwiri. Mukayenda tsiku lonse osaona kanthu lembani ziro, chifukwa ziro ameneyo ndi nkhani payekha. Ndinaonapo mnyamata wanzeru akudzaza mafomu ali khale pansi pa mtengo chifukwa dzuwa linali litakula ndipo panalibe womuona. Zinadziwika pamene manambala ake anakana kugwirizana ndi a anzake, ndipo palibe amene anamutenganso kutchire. Anthu a ntchito iyi m'Malawi ndi ochepa, amadziwana onse, ndipo mbiri yoipa imafika ku Nyika inu musanakwere basi ku Wenela.

Musafulumirenso kulengeza kuti chinthu chatha. Kuli kabilimankhwe kakang'ono, kotalika masentimita osapitirira 6, kamene mwachilengedwe kamapezeka m'nkhalango ya m'mapiri a Malawi Hills ku Nsanje kokha. Kanalembedwa koyamba m'mabuku a sayansi mu 1992, ndipo nkhalangoyo itadulidwa kwambiri anthu anaopa kuti kanatheratu. Mu 2016 gulu lotsogozedwa ndi Krystal Tolley wa ku South Africa pamodzi ndi a Museums of Malawi linayenda usiku ndi matochi m'tizigawo ta nkhalango totsala, n'kukapeza kali moyo. Lipoti lawo la mu 2021 linanenanso zowawa: pafupifupi 80 peresenti ya nkhalangoyo inali itapita poyerekeza ndi 1984. Ananena zonse ziwiri, chokoma ndi chowawa, monga zinalili.

Chilungamo chomwechi chimafunika ngakhale pa nkhani yotikhudza mumtima. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba ku Chilobwe ndi kuno ku Manje, ndipo m'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ena mwa inu munataya abale. N'zosavuta kuimirira pamsonkhano n'kunena kuti zonsezi n'chifukwa chodula mitengo. Kudula mitengo ndi kumanga m'malo otsetsereka kunakulitsa ngoziyo, ine sindikayika. Koma napolo anatsikanso ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991, ndipo mvula ya Freddy inali yoposa muyeso. Wofufuza weniweni amafunsa kuti mbali ya mvula ndi iti, ya nthaka ndi kutsetsereka ndi iti, ya mitengo ndi iti, ya malo omangapo nyumba ndi iti. Mukauza anthu kuti kubzala mitengo kokha kudzawapulumutsa, adzabzala n'kumagona m'khwawa momwemo.

Nyama sizikhala pazokha, ndipo ofufuza a Chimalawi anaona zimenezi kale. Mu 1992 Simon Munthali ndi Daniel Mughogho analemba za phindu limene anthu oyandikana ndi nkhalango ya Kasungu angapeze akaloledwa kuweta njuchi ndi kutola matondo m'nkhalangomo. Mu 1994 Francis Mkanda ndi a Munthali omwewo anafunsa anthu a m'midziyo maganizo awo ndi zosowa zawo. Nthawi imeneyo ambiri ankaona munthu wa m'mudzi ngati mdani wa nyama basi. Funso lawo silinakalambe. Mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zinasamutsidwa kuchoka ku Liwonde ndi Majete kupita ku Nkhotakota, ndipo mu 2022 zina 263 zinachoka ku Liwonde kupita ku Kasungu. Pa luso losamutsa nyama, imeneyi ndi ntchito yotamandika. Koma njovu za ku Kasungu zitafika, midzi ya m'malire kuno ndi ku Zambia inalira maliro ndi minda yowonongeka. Amene amawerenga njovu osawerenga mizere ya chimanga imene yadyedwa usiku wagwira theka la ntchito.

Apa inu a ku Manje muli ndi mwayi umene mlendo alibe. Mukudziwa mtengo wa kajumbo ka makala. Mukudziwa chimene mayi amachita magetsi akazima mwana akulira njala. Mwaona abambo akukankha njinga yodzaza matumba kuchokera kutali, thukuta lili kamukamu. Mukadzalemba za kutha kwa nkhalango simudzalemba ngati kuti owotcha makala ndi anthu oipa mtima, chifukwa mbaula imene makalawo akuthera ndi ya kwanu. Musachite nako manyazi kumene mwachokera, ndi kumene kudzakuthandizani kufunsa mafunso oyenera.

Tsopano za kutchuka. Mukadzalowa m'gulu la ofufuza mudzamva anthu akuyezana ndi chiwerengero cha mapepala amene asindikiza, ndi kangati anzawo awatchula pa Google Scholar. Sindikunyoza zimenezi. Kafukufuku wosasindikizidwa amathera m'kabati, chiswe n'kumudya, ndipo popanda mapepala simupeza malo a udokotala kapena ndalama zofufuzira. Choncho lembani, tumizani ku magazini a sayansi odalirika monga Oryx, Ostrich kapena African Journal of Ecology, ndipo akakubwezerani pepala litadzaza ndemanga zowawa, konzani n'kutumizanso. Chenjerani ndi magazini achinyengo amene amakutumizirani imelo yokuyamikirani n'kulonjeza kusindikiza m'sabata imodzi mukalipira madola. Pepala lotuluka kumeneko limadetsa dzina.

Koma chiwerengero cha okutchulani chisakunamizeni kuti ntchito yatheka. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unalembedwa ndi akatswiri kwa zaka zambiri. Zoopsa zake zinkadziwika: macheka, moto, ndi kuvuta kwa mbewu yake kumera yokha. Komabe kalembera wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu isanu ndi iwiri yokha paphiri lonse. Mapepala analipo, koma sanaimitse macheka. Chimene chikupereka chiyembekezo lero ndi ntchito ya Mulanje Mountain Conservation Trust, a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri amene akufesa mbande m'manazale n'kukazibzala pamwamba. Pamenepo m'pamene nzeru za m'mabuku zinakumana ndi manja. Mukamayeza ntchito yanu, muzifunsa ngati pali lamulo, ndondomeko ya kulondera kapena kalimidwe kamene kasintha chifukwa cha zimene munapeza.

Pali chinthu china chimene chimandipweteka mpaka lero. Ndaona Amalawi akuyenda mitunda, kutchera makamera, kumasulira mafunso m'midzi, kulumidwa ndi tsetse, koma pepala potuluka mayina awo ali kumapeto kwenikweni pa mawu othokoza, pamodzi ndi dalaivala ndi wophika. Alendo ambiri ndi anthu abwino ndipo mudzaphunzira zambiri kwa iwo. Komabe kambiranani ntchito isanayambe: dzina langa lidzakhala pati, manambala adzasungidwa kuti, ndidzaloledwa kuwagwiritsa ntchito pa digiri yanga? Funsani mwaulemu, koma funsani, ndipo yankho likhale lolembedwa. Inunso tengani mbali pa kusanthula ndi kulemba kuti dzinalo likhale loyenera. Ndipo tsiku limene mudzakhale otsogolera, musadzachitire ana a anzanu zomwezo.

Zilolezo musazione ngati chipsinjo. Kufufuza m'malo otetezedwa kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire kapena ya zankhalango, ndipo National Commission for Science and Technology ili ndi ndondomeko zake, makamaka ngati mukutenga zitsanzo za zomera kapena nyama. Lamulo la nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, moti milandu ikuluikulu imafika zaka 30 m'ndende. Munthu akakubweretserani ngaka kuti muione poti mumakonda nyama, musaisunge ngakhale usiku umodzi, dziwitsani a boma.

Ndalama pa ntchito iyi n'zochepa, ndisakubisireni. Ntchito zambiri n'za kontirakiti ya chaka chimodzi kapena ziwiri, ndipo padzakhala nyengo imene mudzaphunzitsa pa sukulu ya pulayiveti kuti mupeze ya lendi. Mabungwe monga Rufford Foundation amapereka thandizo laling'ono kwa ofufuza oyamba kumene. Mukalandira, sungani lisiti la chilichonse, ngakhale la kabaza, ndipo lipoti lipite pa nthawi yake. Amene waonetsa kukhulupirika pa zochepa ndi amene amapatsidwa zachiwiri. Kwa inu atsikana, mudzauzidwa kuti kutchire si kwa akazi ndipo mudzakalamba osakwatiwa. Onena zimenezo auzeni za tizinkhwe ta ku Liwonde ndi amene anatitsata.

Kafukufuku wanu woyamba akadzatha, pepala la Chingerezi lipite kumene likupita, koma mulembenso tsamba limodzi m'Chichewa chomveka. Mulitengere kwa amfumu amene anakulolani kuyenda m'dera lawo, kwa komiti ya zachilengedwe ya m'mudzimo, kwa agemu amene anakuperekezani ndi kwa woyang'anira nkhalango. Mukhale nawo pansi, muwawerengere, ndipo akakutsutsani mulembe zimene anena. Anthu a m'midzi yozungulira Majete, Lengwe ndi Liwonde ayankha mafunso a ofufuza kwa zaka zambiri, ndipo ambiri mwa ofunsawo sanabwererenso kukanena zimene anapeza. Inu mukabwerere.